Chikhakha, Miyala ndi Chitsulo: Mbiri ya Kulumikiza Mafupa ku Kasungu

Mu Sepitembala 1863, kwa Mwase, m'tsinde mwa phiri la Kasungu, kunafika mzungu wapaulendo akuchokera ku Nkhotakota. Anali David Livingstone. Ngakhale iye anali dokotala, mkono wake wamanzere unali wolumala. Mkango unamutswanya fupa la pakati pa phewa ndi chigongono ku Mabotsa mu 1844, ndipo fupalo silinagwirane bwino mpaka imfa yake. Atamwalira kwa Chitambo mu 1873, omuperekeza ake Susi, Chuma ndi anzawo ananyamula mtembo wake mpaka kunyanja yamchere. Utafika ku London mu 1874, dokotala wina, Sir William Fergusson, anatsimikiza kuti mtembowo ndi wa Livingstone ataona fupa lomwelo.

Nkhaniyi ikutiuza mmene zinthu zinalili masiku amenewo. Pa za mafupa, dokotala wa ku Ulaya sankamuposa kwenikweni sing'anga wa kwa Mwase. Onse awiri ankadziwa zinthu zinayi: kukoka, kuwongola, kumanga ndi kudikira. Panalibe yemwe akanatha kuona mkati mwa mnofu. Makina ojambulira mafupa anatulukira mu 1895, chaka chomwe asilikali a atsamunda anagonjetsa Mwase Kasungu, ndipo panapita zaka zambirimbiri makinawo asanafike kuno.

Sing'anga wa mafupa tisamupeputse. Munthu akathyoka mkono, ankamugoneka pansi, wina n'kugwira kumtunda, sing'anga n'kumakoka pang'onopang'ono uku zala zikufufuza pothyokapo. Akamva kuti zalunjika, ankatema mphini, kupaka mankhwala, kenaka n'kuzunguliza timitengo kapena nsungwi zong'amba zolukidwa ndi luzi. Ambiri ankachira, ndipo chifukwa chake n'chakuti fupa ndi chinthu chamoyo. Likathyoka, magazi amaundana pothyokapo. Pakapita masiku, magaziwo amasanduka kachichereche kofewa kogwira mbali zonse ziwiri. Kachicherecheko kamauma n'kukhala fupa lokhuthala, ndipo m'miyezi yotsatira thupi limasema fupalo kuti libwerere m'maonekedwe ake. Mwa mwana zimenezi zimachitika msanga, mwa wamkulu zimachedwa. Ntchito ya wochiritsa, kaya wa m'mudzi kaya wa kuchipatala, ndi kuika mbali ziwirizo moyang'anizana ndi kuziletsa kugwedera mpaka thupi litamaliza.

Komabe panali malo amene nzeru za m'mudzi zinkathera, ndipo mpaka lero ndi pomwe anthu amapwetekera. Chiwalo chothyoka chimatupa. Luzi lomangidwa mothina tsiku loyamba limasanduka msampha tsiku lachitatu: magazi amaleka kuyenda, zala zimazizira, zimada, ndipo mwana amene akanachira m'masabata anayi amadulidwa mkono. Mphini yotemedwa pamwamba pa fupa lothyoka imatsegulira tizilombo khomo. Fupa la ntchafu nalo silimvera timitengo, chifukwa minofu ya pantchafu ndi yamphamvu kwambiri. Imakoka mbali ziwirizo n'kuzipitiriza, mwendo n'kufupika. Agogo ambiri otsimphina amene tinawapeza m'midzi ya kwa Kaomba, kwa Wimbe ndi kwa Santhe sanabadwe choncho. Ndipo fupa likaboola khungu n'kutulukira kunja, nthawi zambiri kunkatsatira mafinya, kutentha thupi ndi maliro.

Zinthu ziwiri zimene zinasintha nkhaniyi zinayambira kutali. Cha m'ma 1851, dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, Antonius Mathijsen, anayamba kuthira ufa woyera wa pulasitala pa bandeji, kuinyika m'madzi ndi kuikulunga pa chiwalo. Ikauma inkalimba gwa, itatenga maonekedwe a mwendo kapena mkono. Chimenechi ndicho chikhakha. Kenaka mu 1865, ku Glasgow, Joseph Lister analandira mnyamata amene ngolo inamuponda mwendo fupa n'kutulukira kunja. M'malo modula mwendowo, anatsuka ndi kuphimba balalo ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo mnyamatayo anachira ndi miyendo yake yonse. Kuyambira pamenepo madokotala anayamba kukhulupirira kuti chimene chimapha si mpweya wolowa pabala koma tizilombo tomwe tingathe kuphedwa.

Ku Kasungu mankhwala achizungu anafika ndi mishoni. Cha m'ma 1900, Dr George Prentice wa mishoni ya Livingstonia anakhazikika ku Chilanga, ndipo mmodzi mwa ana amene anadutsa m'sukulu za mishoniyo ndi Kamuzu Banda, yemwe anadzamaliza udokotala ku Meharry mu 1937 ndi ku Edinburgh mu 1941. Dziko linalandira ufulu mu 1964 mtsogoleri wake ali dokotala wa ku Kasungu, koma sukulu yosula madokotala, College of Medicine, inatsegulidwa mu 1991. Kuchedwa kumeneku kunatipweteka. Kwa zaka zonsezo madokotala anali ochepa kwambiri, ndipo wodziwa za mafupa payekha anali wosowa ngakhale ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Pa nthawi yomweyo Kasungu ankasintha. M'zaka za m'ma 1970 nkhalango zinagwa, maesiteti a fodya anafalikira, bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linayamba kukhazika alimi, ndipo matenanti anakhamukira kuno kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Dedza ndi kwina. Fodya anabweretsa ndalama, anabweretsanso kuvulala kwa mtundu wake. Munthu amakwera m'balani kukapachika mikangala, mtanda wofumbwa n'kuthyoka. Ngolo yodzaza nkhuni zowotchera fodya imagubuduka potsetsereka, ng'ombe zitadzidzimuka. Nkhwangwa imaterereka pachitsa n'kukatera pa msongolo. Thirakitala, lole ya mabelo pa msewu wa M1, jeke yodindira fodya, zonsezi zinali ndi anthu ake ozigonera m'chipatala. Ndipo ambiri mwa ovulalawo anali alendo, opanda mbale pafupi woti n'kuwadikirira.

Chodabwitsa n'chakuti chithandizo cha mafupa m'Malawi sichinayambe ndi ngozi, chinayamba ndi poliyo. M'zaka za m'ma 1970 m'midzi munali ana ambiri okwawa, miyendo itafota, mawondo ndi chiuno zitakhwinyata. Mu 1979 kunakhazikitsidwa bungwe la Malawi Against Polio, lomwe aliyense amangoti MAP, ndipo pambuyo pake linasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities. Njira zake zinali zosavuta, zofanana ndi zomwe Ronald Huckstep anaziyesa ku Uganda: kudula mitsempha yokhwinyata kudzera pa kabala kakang'ono, kuwongola mwendo ndi chikhakha pang'onopang'ono, kenaka kumupatsa mwana zitsulo zochirikiza miyendo, nsapato ndi ndodo zopangidwa konkuno. Mwana amene ankakwawa m'fumbi ankaimirira n'kupita kusukulu.

M'ntchito imeneyi ndi momwe munabadwira chinthu chomwe ine ndimachiona kuti ndicho chachikulu m'mbiri yonseyi. Mu 1985, Dr Edward Blair, dokotala wa mafupa wochokera ku Canada, anayambitsa ku Blantyre maphunziro a ma orthopaedic clinical officer, kapena kuti makiliniko ofesa a mafupa. Ankatenga ma medical assistant amene agwirapo kale ntchito n'kuwaphunzitsa za mafupa zokhazokha kwa miyezi 18: kuwerenga chithunzi cha fupa, kuwongola lothyoka, kubwezera loguluka, kuika chikhakha, kukoka mwendo, kutsuka bala la fupa, kutulutsa mafinya m'bondo, kudula chiwalo ngati palibenso kuchitira mwina. Maphunzirowo anaima kwa kanthawi m'zaka za m'ma 1990, n'kuyambiranso mu 1998. Pofika mu 2008, Professor Nyengo Mkandawire ndi anzake analemba kuti dziko la anthu pafupifupi 13 miliyoni linali ndi madokotala 266, ndipo a mafupa anali 9 okha. Makiliniko ofesa a mafupa ophunzitsidwa anali 117, ogwirabe ntchito ndi odwala 82, ndipo iwowa ndi amene ankasenza pakati pa 80 ndi 90 pa 100 iliyonse ya chithandizo chonse cha mafupa.

Choncho munthu wa kwa Chulu kapena ku Chamama akamati "ndinakaonana ndi adokotala a mafupa ku boma," nthawi zambiri amanena mmodzi wa anthu amenewa. Mayina awo sali pa zipupa za zipatala, koma manja ndi miyendo yambiri yomwe ikulima m'boma lino la anthu oposa 800,000 inadutsa m'manja mwawo.

Pitani kuchipinda cha chikhakha mu Novembala kapena Disembala, mango atapsa. Pabenchi pamakhala ana ondondozana, aliyense atakumbatira mkono wake. Mwana akagwa mumtengo amatsamira dzanja, ndipo fupa limathyokera pamwamba penipeni pa chigongono, pomwe pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi ndi mitsempha yoyendetsa zala. N'chifukwa chake wa mafupa asanayang'ane n'komwe chithunzi amayamba wagwira pamkono kumva kugunda kwa magazi, n'kunena kuti, "Tafumbata. Tatambasula. Takhudzitsa chala chachikulu ndi cholozera." Zikakhala bwino, mwana amagonekedwa tulo, mkono n'kukokedwa, chala chachikulu cha wochiritsa n'kukankha kachidutswa kubwerera m'malo. Thonje limayamba, kenaka bandeji yonyikidwa m'beseni, yomwe imatentha pang'ono ikamauma. Poyamba saika chikhakha chozungulira mkono wonse. Amaika cha mbali imodzi kuti kutupa kupeze malo. Ndiye amatembenukira kwa kholo: "Mayi, zala izi muziziyang'ana usiku wonse. Zikayamba kuda, kapena mwana akamalira osatonthola, musadikire kuti kuche, bwerani." Mawu amenewa apulumutsa mikono yambiri kuposa chipangizo chilichonse.

Kuwodi ya abambo nkhani imakhala ina. Wothyoka ntchafu amabooledwa fupa la msongolo kumunsi pang'ono kwa bondo, n'kupisamo kachitsulo kopingasa, kamene Fritz Steinmann wa ku Switzerland anayamba kugwiritsa ntchito mu 1907. Ku kachitsuloko amamangako chingwe chodutsa kumiyendo kwa bedi, ndipo kunsonga kwake kumalendewera cholemera: chitsulo, thumba la mchenga, kapena njerwa. Anthu amangoti "ali pa miyala." Kulemerako kumalimbana ndi minofu ya pantchafu usana ndi usiku kuti fupa lisapitirizane. Wodwala amagona pamenepo masabata asanu ndi limodzi, asanu ndi atatu, nthawi zina kuposerapo. Amadyera pomwepo, amasambira pomwepo, amadzithandizira pomwepo. Kumsana kumatha kutuluka zilonda, pa kachitsulo kumatha kuchita mafinya, bondo limauma.

Amene analimapo fodya amadziwa kuti miyezi iwiri si yochepa. Fodya sadikira munthu. Nazale imafuna madzi m'mawa ndi madzulo, kuwokera kumatsata mvula yoyamba yokwanira, ndipo masamba akayamba kupsa mu Febuluwale amafuna kuthyoledwa, kusokedwa ndi kupachikidwa m'chigafa sabata ndi sabata. Bambo akagona pa miyala nthawi imeneyo, mayi amachoka pakhomo kukakhala gadiyani, kuphika kukhitchini ya chipatala ndi kugona pansi pambali pa bedi. Kumunda kumatsala ana. Kwa tenanti, yemwe chakudya chake cha chaka chonse ndi ngongole yodzadulidwa pogulitsa, fupa limodzi limatha kumeza chaka chathunthu, n'kubwerera kwawo chimanjamanja. Mabuku a chipatala amalemba kuti wodwala wachira, ndipo n'zoona, koma banja limakhala litagwa.

Njira yomudzutsa msanga munthu wotere inalipo kale kunja. Mu 1939, ku Kiel m'dziko la Germany, Gerhard Küntscher anayamba kulowetsa chitsulo chachitali m'mphako ya fupa la ntchafu, momwe mumakhala mafuta, kuti fupa ligwidwe kuchokera mkati. Mu 1958 madokotala a ku Switzerland anapanga gulu la AO, lomwe linakonza mwadongosolo kagwiritsidwe ntchito ka timapuleti ndi masikuluwu. Koma kuno zinthu zitatu zinkatchinga. Zitsulozo zinali zodula. Kuzikhoma bwino kunkafuna makina ojambulira fupa opaleshoni ili mkati. Ndipo panali mantha akuti chitsulo chikalowa m'thupi m'fiyeta zathu chidzaola, makamaka m'zaka za m'ma 1990 pamene HIV inali itafala kwambiri.

Mantha amenewa anayankhidwa ndi kafukufuku wochitikira m'Malawi mommuno. Mu 2002, Jim Harrison, Chris Lavy ndi mnzawo anasindikiza zomwe anapeza ku Blantyre: ngati khungu silinang'ambike pa ngozi, mabala a opaleshoni ya chitsulo ankapola pafupifupi mofanana mwa omwe ali ndi HIV ndi omwe alibe. Vuto lalikulu linali pa mafupa otulukira kunja. Za mtengo ndi makina zinayankhidwa ndi Lewis Zirkle wa ku America, yemwe mu 1999 anayambitsa bungwe la SIGN. Chitsulo cha SIGN chinapangidwira zipatala ngati zathu. Dokotala amacheka pang'ono pothyokapo, amalunjikitsa fupa akuliona ndi maso, amakuza mphako ndi choboolera cha pamanja, n'kulowetsa chitsulo. Kunja kwa mwendo kumakhala mkono wachitsulo wolozera pomwe pali mabowo, kotero masikuluwu otsekera amalowa popanda kujambula. Bungwelo limapereka zitsulozo kwaulere, koma limafuna kuti dokotala azitumiza lipoti ndi zithunzi za opaleshoni iliyonse. Wodwala amatha kuimirira ndi ndodo patangopita masiku ochepa.

Ku Kamuzu Central, komwe odwala a ku Kasungu amatumizidwa, Sven Young wa ku Haukeland University Hospital ku Norway ndi anzake a kuno analondola mafupa a ntchafu 141 okhomedwa chitsulo, ena mwa odwalawo kuchita kukawasaka m'midzi mwawo. Mu 2013 analengeza kuti omwe anachita mafinya anali pafupifupi 5 pa 100 iliyonse. Kenaka Dr Linda Chokotho anayerekeza njira ziwirizi m'zipatala zingapo za m'Malawi. Anapeza kuti okhomedwa chitsulo ankabwerera msanga m'moyo wawo, kuti pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse ogonekedwa pa miyala ankadzafunabe chitsulo miyala italephera, ndiponso kuti ukawerengera bedi, chakudya ndi masiku onse, miyala siitchipa monga tinkaganizira. Umboni ulipo tsopano. Munthu akamagonabe miyezi iwiri pa miyala lero, chifukwa chake ndi kuchepa kwa fiyeta, magazi, ogonetsa tulo ndi madokotala, osati kusadziwa.

Ana anapezanso mwayi wawo. Chipatala cha Beit CURE chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, ndipo chimachita maopaleshoni a mafupa a ana kwaulere. Kumeneko ndi komwe kunakonzedwa njira yosiyanitsira mitundu ya matenda a fupa loola, amene amayamba ndi kutentha thupi ndi kupweteka kwa mwendo, n'kuthera pa bala lotuluka mafinya zaka ndi zaka. Mankhwala okha sathetsa vutoli, chifukwa mkati mumakhala chidutswa cha fupa lakufa chomwe magazi sachifika. Chimayenera kuchotsedwa, koma pa nthawi yake, fupa latsopano lozungulira litakhwima. Kwa ana obadwa ndi mapazi opindika, njira ya Ignacio Ponseti wa ku Iowa inachotsa kufunika kwa opaleshoni yaikulu. Phazi limawongoledwa ndi manja pang'ono sabata iliyonse n'kuikidwa chikhakha, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Kenaka mtsempha wa kuchidendene umadulidwa ndi kampeni kakang'ono, ndipo mwana amavala nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo, poyamba usana ndi usiku, kenaka usiku wokha mpaka zaka zinayi kapena zisanu. Mu 2005 kafukufuku wa ku Blantyre anaonetsa kuti makiliniko ofesa a mafupa anawongola mapazi 98 mwa 100 ndi njirayi. Chomwe chimagwetsa mabanja a kuno si chikhakhacho, ndi ulendo: mayi wa ku Nkhamenya kapena kumalire ndi paki ya Kasungu kubereka mwana sabata iliyonse kupita ku kiliniki, nthawi ya dzinja, ntchito ya kumunda ili pakhosi.

Za molumikizira mafupa tafika nazo mochedwa, ndipo za mitsempha yogwira mafupa tidakali kumbuyo. John Charnley anakhazikitsa opaleshoni yoika chiuno chopanga ku Wrightington, England, mu 1962: mutu wa fupa la ntchafu umadulidwa, m'malo mwake n'kuikamo wachitsulo wozungulira m'kambale ka pulasitiki. Ku Malawi opaleshoniyi inakhazikika ku Beit CURE, ndipo mu 2005 kunayambika kaundula wa dziko lonse wolemba aliyense woikidwa chiuno kapena bondo lopanga. Kaundulayo anaonetsa kuti ambiri mwa odwala oyambirira sanali okalamba otha mafupa ngati ku Ulaya, koma anthu omwe mutu wa fupa la ntchafu unafa chifukwa chosowa magazi. Mtengo wa opaleshoniyi ndi wosafikirika kwa mlimi wamba. Mnyamata wosewera mpira pabwalo la sukulu ku Mtunthama akapotokola bondo n'kumva kuti thu mkati, kawirikawiri umakhala mtsempha wa pakati pa bondo waduka. Chithunzi cha mafupa sichionetsa kanthu, ndiye amauzidwa kuti wangobinya. Mtsempha umenewu sulumikizika wokha. Kuukonza kumafuna kutenga mtsempha wina wa mwendo womwewo, kuboola timabowo m'mafupa awiri a bondo, n'kuupisamo mothandizidwa ndi kakamera. Si ntchito ya chipatala cha pa boma, choncho anyamata ambiri amangosiya mpira n'kumakhala ndi bondo lofooka, lomwe limawagwetsa akasenza thumba la feteleza.

Mu 2002 dziko linayamba kusula lokha madokotala a mafupa, mmodzi kapena awiri pa chaka, ndipo mu 2023 chipatala cha Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chomwe anthu amati LION, chinayamba kulandira odwala pafupi ndi Kamuzu Central. Kwa munthu wa ku Kasungu chipatalachi chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130, ndipo ndi chinthu chachikulu chomwe makolo athu sanachione. Koma ovulala nawo achuluka ndipo kuvulala kwake kwakula. Njinga zamoto za kabaza zadzaza m'misewu ya fumbi yopita ku Chinkhoma, ku Chamama ndi ku Santhe, zitanyamula anthu atatu ndi katundu, ndipo zikawombana ndi galimoto chimene chimayamba kuphwanyika ndi msongolo, fupa lomwe lili pansi pa khungu penipeni. Limatulukira kunja litadzola fumbi.

Mu 2020 bungwe la Malawi Orthopaedic Association, mogwirizana ndi AO Alliance, linagwirizana za malamulo osamalira mafupa otulukira kunja. Mfundo zake n'zakuti wovulala alandire msanga mankhwala opha tizilombo ndi katemera wa kafumbata, bala litsukidwe bwinobwino ndi kuchotsa mnofu wakufa m'fiyeta wodwala atagonekedwa, fupa ligwidwe kuti lisagwedere, ndipo mabala aakulu atumizidwe kuchipatala chachikulu mosachedwa. Zambiri mwa zimenezi zimachitika, kapena kulephereka, wodwala asanafike ku Lilongwe: pa chipatala chaching'ono cha kumudzi ngati muli mankhwala m'kabati, pa chipatala cha boma ku Kasungu ngati fiyeta yomwe imatanganidwa ndi amayi oyembekezera yapeza mpata, ndi pa ambulansi ngati ili ndi mafuta tsiku limenelo. Ndalama zomangira nyumba zazikulu za opaleshoni ziyenera kuyendera limodzi ndi zogulira pulasitala, thonje, mafilimu ndi madzi otsukira mabala pa boma, komanso zokweza maphunziro ndi malipiro a makiliniko ofesa a mafupa, omwe angapo mwa iwo anasiya kale ntchito ya odwala.